Usipa umalowa ku UK, koma phukusi la eni musalinyamule osalitsegula

Abale anga, leroli ndiyankhe kamodzi funso lomwe limabwera pa WhatsApp Disembala aliyense, loti kodi nsomba zakwathu ku Malawi zimaloledwa kulowa ku UK. Inde, usipa, utaka, matemba ndi chambo chowamba zimaloledwa kulowa ku UK. Malire ndi makilo 20 pa munthu, zikhale zodya pakhomo panu, ndipo ngati nsombayo ndi yaiwisi ikhale yotumbula. Ngumbi ndi uchi musapyole makilo 2. Nyama ndi mkaka zochokera kwathu ndi zoletsedwa. Mbewa ndi nyama, musatsutse. Nkhani ya nsomba yathera pomwepo.

Chomwe chinandigwetsa ine si nsomba zanga ayi. Ndikubwerera kuchokera kumudzi, ndinali ndi makilo otsala m'chikwama. Ajenti wina wotumiza katundu anandiimbira, akundinyengerera kuti "achimwene, ndi kaphukusi ka usipa chabe, mukapereke kwa mayi wina ku Leeds, ya sopo ikhalapo." Anabweretsa pabwalo la ndege nthawi itatha kale, atakulunga ndi selotepi ngati mtembo. Ndinafunsa kawiri kuti muli chiyani. Anaseka, amvekere timatumiza sabata iliyonse, palibe anagwidwapo.

Nditatera ku UK, oyendera katundu pabwalo la ndege anandiimitsa n'kutsegula chikwama. Pamwamba panalidi usipa. Pansi pake panali nyama yofutsa ndi kabotolo ka mafuta a nsato, aja ena amati ndi mankhwala. Ndinaima pamenepo maola awiri thukuta lili kamukamu, ndikuyankha za zinthu zomwe sindinaziwonepo. Anandifunsa amene analongedza chikwamacho. Ndikanati ndani? Chinali changa, dzina langa lili pomwepo. Zonse anatenga, ndi utaka womwe amayi anandigulira ku Mangochi unapitira limodzi poti unali m'thumba limodzi ndi nyamayo. Ajenti uja foni sanayankhenso. Mayi a ku Leeds ndiye anandiimbira kundifunsa kuti katundu wawo ndadya kapena.

Kodi nsato inalakwa chiyani? Pali pangano la maiko lotchedwa CITES loteteza nyama ndi zomera, ndipo nsato, ng'ona, fulu ndi akamba am'nyanja ya mchere zilimo. Panganoli silisankha kuti nyamayo ndi yamoyo kapena yakufa. Chikopa, mafuta, mano, chigoba, ngakhale ufa wa asing'anga ngati muli chiwalo cha nyamazi, zonse zimawerengedwa. Kunena kuti ndi mankhwala achikuda sikukupulumutsani, mukungoulula mlandu.

Pa ng'ona pali kampata kakang'ono. Zinthu zosokedwa kale monga lamba, chikwama kapena nsapato, munthu mmodzi angathe kunyamula zosaposa 4, zikhale zake ndipo ziyende naye m'chikwama. Nyama ya ng'ona silowa m'kampatako, ngakhale chikopa chosasoka. Zinazo pamafunika chilolezo: kwathu chimachokera ku Department of National Parks and Wildlife, kuno ku UK amapereka ndi a APHA, bungwe la boma loona zaumoyo wa nyama ndi zomera. Mupemphe musanakwere ndege, osati katundu atagwidwa kale. Ndipo musaiwale kuti mutha kumangidwa musanatuluke m'Malawi momwe. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30 m'ndende.

Ena mumalota bizinesi ya mbuna, tinsomba tokongola ta ku Cape Maclear tija, poti mwaona mtengo wake m'masitolo a kuno. Iwalani zoti mulowetsa m'botolo la Sobo. Nsomba zamoyo zimafuna satifiketi ya zaumoyo, chilolezo cha Fish Health Inspectorate (nthambi ya boma kuno yoona zaumoyo wa nsomba), ndipo zimadutsa pamalo ake oyendera katundu wotere. Ndi ntchito ya anthu olembetsa, si ya iwe wapatchuthi. Chimodzimodzi wofuna kugulitsa usipa m'shopu: makilo 20 aja si ako, iwe uyenera kukhala ndi mapepala ako a amalonda.

Tsono mverani mkulu wanu. Phukusi la munthu, kaya ndi la apongozi, kaya la abusa, litsegulidwe inu mukuwona. Wokana kutsegula abwerere nalo. Nsomba zanu muziike m'thumba lakelake lowonekera mkati, osasakaniza ndi china chilichonse. Ngati mukukayika ndi chomwe mwanyamula, mukatera dzerani khomo lofiira, la anthu amene ali ndi katundu wofunika kumuulula, mukanene nokha. Akapeza chakudya choletsedwa amangolanda n'kukachiwononga, inu n'kumapita. Mukabisa n'kukupezani, ku England chindapusa chimafika mapaundi 5,000, mwinanso kukhoti. Kwa ife okhala pa viza, amene chaka ndi chaka timadzaza mafomu ofunsa ngati tinapalamulapo mlandu, imeneyo si nkhani yosekera.

Ya sopo yomwe ajenti uja analonjeza inali mapaundi 30. Mpaka lero sindinaiwone.