Mmene mungazindikirire mwala wa quartz woonekera mkati

Anthu ambiri akatola mwala wowala ngati madzi oundana m'munda kapena m'khwawa, kuno ku Chipata ngakhalenso ku Lundazi, amafulumira kuganiza kuti apeza dayamondi. Kawirikawiri mwalawo umakhala quartz, mbale wake wa nsangalabwi yoyera ija, kungoti uwu unakula popanda chousokoneza mpaka kuonekera mkati.

Yambani mwautsuka bwino. Quartz wosasweka amakhala ndi mbali 6 ndi nsonga yosongoka ngati pensulo, ndipo mukamupendeketsa padzuwa mudzaona timizere topingasa pambalizo, tomwe chikhadabo chimagundamo mukachiyendetsa kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Pamalo poswekapo pamakhala pokumbika ngati chigoba cha nkhono, monga mmene limaswekera botolo.

Kenako yesani kulimba kwake. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene katswiri wa miyala Friedrich Mohs anakonza mu 1812, quartz ali pa 7, galasi lili pafupi ndi 5.5, pamene dayamondi ali pa 10. Kandani botolo ndi mwalawo, mupukutepo ndi chala chonyowa; mzere ukatsala, ndiye kuti mwalawo waliposa galasi. Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa, chifukwa kukanda botolo si umboni wa dayamondi, quartz nayenso amatero. Yesaninso ndi mpeni: ukalowa mosavuta, mwina mwagwira mwala wina wotchedwa calcite, womwe uli pa 3 chabe. Timathovu tozungulira mkati nthawi zambiri timasonyeza kuti ndi galasi wamba.

Mwala wa quartz ndi silikoni wophatikizana ndi okosijeni. Umapangika pamene madzi otentha kwambiri a pansi pa nthaka, onyamula zinthuzi, alowa m'ming'alu ya matanthwe ndi kuzizira pang'onopang'ono. Umakulanso m'mitsempha ya thanthwe lotchedwa pegmatite, n'chifukwa chake okumba miyala yamtengo wapatali ya aquamarine ndi tourmaline ku Lundazi amakumana nawo kwambiri.

Mu 1880, asayansi a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti quartz akapanikizidwa amatulutsa mphamvu ya magetsi. Kachidutswa kake ka mu wotchi kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, ngakhale kuti kameneko kamakhala kopangidwa m'fakitale. Mchenga wake amapangira magalasi, ndipo wokongola amamusema mikanda. Mtengo wake ndi wotsika poti amapezeka pambiri, komabe mukapeza wansonga zathunthu musamuswe ndi nyundo. Mukulungeni m'nsalu payekha, chifukwa ogula amayang'ana nsongazo.