Musanalembe nkhani ya achinyamata, kwerani kaye basi

Anzanga olemba nkhani zopeka za achinyamata, tsiku lina kakwereni minibasi pa Kulima Tower kapena ku City Market ku Lusaka nthawi imene ana asukulu aweruka. Khalani kumbuyo, foni m'thumba, makutu tcheru. Mudzamva Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi, mawu odukaduka, wina asanamalize mnzake waseka kale. Mwana wa Giredi 12 salankhula ngati abusa pa guwa ayi.

Ine ndinagwa pomwepo. Ndinapatsa mwana wa mlongo wanga mutu woyamba wa nkhani yanga, atangowerenga masamba awiri anati, "Amalume, mtsikanayu ali ndi zaka 16 kapena 60?" Ndinali nditamudzaza miyambi m'kamwa, manyazi ake! Masiku ano ndimamuwerengera mokweza titakhala pakhonde. Akangotulutsa foni, ndime imeneyo ndimaidula.