Mmene mungaphunzirire mawu a Chidatchi akuti "morgen"

Aliyense amene wayamba kuphunzira Chidatchi, chinenero chimene chimalankhulidwa ku Netherlands, kumpoto kwa Belgium ndi ku Suriname, sachedwa kukumana ndi mawu akuti "morgen" chifukwa ali mu moni wa m'mawa wakuti "goedemorgen". Mawuwa amatanthauza m'mawa komanso mawa, ndipo ife olankhula Chichewa sitiyenera kudabwa nazo, popeza mawu athu awiriwa nawonso ndi apachibale.

Yambani ndi katchulidwe. Chilembo cha g sichimveka ngati mmene chimamvekera mu "galu", koma mpweya umatuluka mokhula kumbuyo kwa lilime, chakukhosi. Anthu a kumpoto kwa Netherlands amachitchula mwamphamvu, pamene a kum'mwera ndi a ku Belgium amachifewetsa, ndipo onsewa amamvana bwinobwino. Ambiri satchula n wakumapeto, choncho musaganize kuti mwamva mawu ena wina akanena kuti "morge".

Pamene pafunika kudekha kwambiri ndi pa tanthauzo. Musaloweze mawuwa paokha, koma muziyang'ana timawu timene tili pafupi nawo, chifukwa ndi timeneti timakuuzani zimene munthu akunena. Mukaona "de morgen", akunena za nthawi ya m'mawa. "Vanmorgen" ndi lero m'mawa, "gistermorgen" ndi dzulo m'mawa, ndipo "'s morgens" amanena polongosola nthawi imene chinthu chimachitika, monga mu "zeven uur 's morgens", kutanthauza 7 koloko m'mawa. Koma "morgen" akaima yekha m'chiganizo, monga mu "ik kom morgen", munthuyo akuti abwera mawa ndipo sanatchule nthawi. Motero "tot morgen" ndiko kutsanzikana kuti tionana mawa, pamene "overmorgen" ndi mkuja.

Nanga mungatani pofuna kunena kuti mawa m'mawa? Apa pamalowa mawu ena otanthauza m'mawa akuti "ochtend", ndipo mumanena kuti "morgenochtend". Ine ndimaona kuti ndi bwino kuphunzira "ochtend" tsiku lomwelo, chifukwa mawuwa satanthauza mawa ngakhale pang'ono ndipo amachotsa chikayiko popangana nthawi yokumana.

Poyeserera, lembani ziganizo zazifupi zonena zimene mwachita "vanmorgen" ndi zimene mudzachite "morgenochtend", kenako muziwerenge mokweza mpaka g uja azolowereke kukhosi. Moni wa "goedemorgen" muzipereka kufikira 12 koloko masana. Nthawiyi ikadutsa muziti "goedemiddag", ndipo kuyambira cha m'ma 6 koloko madzulo muziti "goedenavond".