Kupalasa njinga kuchokera ku Area 25 mpaka ku Old Town n'kufika wamoyo

Ndinayamba kupita kuntchito panjinga mu December 2023, patangotha mwezi kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo wa minibasi unakwera, mafuta ankasowasowa. Tsiku lina nditaima pasiteji pafupifupi ola lathunthu, ndikuona anyamata a makala akundidutsa mmodzimmodzi, aliyense matumba atatu pakeliyala, ndinadzifunsa kuti miyendo yangayi ndikusungira ndani. Ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku Old Town, ndipo anzanga sasiya kundifunsa kuti ndimatha bwanji osagundidwa pa M1. Ndati ndingolemba kamodzi, aliyense adziwerengere.

Yambani ndi mabuleki. Njinga ikhale yakaunjika kapena yatsopano ya m'sitolo ya amwenye, zilibe kanthu, bola iime mukaiuza kuti iime. Musanatuluke pageti, ikankheni pang'ono n'kufinya buleki yakutsogolo, kenako yakumbuyo. Ngati chogwiriracho chikufika mpaka pahandulo tayala likuyendabe, pitani nayo kwa okonza njinga pansi pa mtengo, mphira zake n'zotchipa kuposa bandeji. Dziwaninso kuti malimu achitsulo, aja onyezimira a njinga zachikale, akanyowa ndi mvula mabuleki amayamba aterereka kaye asanagwire. Matayala muzipopa mpaka alimbe ndithu. Tayala lofewa likamenya dzenje, chubu chimalumidwa ndi limu n'kubooka pawiri. Ine m'chikwama simusowa pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu, komanso sipanala ya 15 yomasulira mawilo.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: pamsewu wa mu Lilongwe chimene chimakupulumutsani n'choti dalaivala akuoneni, ndipo adziwe kumene mukulowera. Izi sindinaziwerenge penapake, ndinaziphunzira ndi bondo.

Unali mwezi wa January, kukuwaza kamvula. Ndinkapalasa m'mphepete mwenimweni mwa phula, modzichepetsa, kuopa kusokoneza eni magalimoto. Minibasi ina inandipitirira, ndipo isanamalize n'komwe kundidutsa inakhotera kumanzere kukatenga mayi wina amene anaimika dzanja. Ndinafinya mabuleki onse, tayala lakutsogolo linatsika m'phula n'kulowa mumchenga, ine uyo pansi. Buluku linang'ambika pabondo, kontena ya mpunga ndi nyemba inakatsegukira m'ngalande. Kondakitala anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Pepani bwana, simumaoneka." Ndinapsa mtima sabata yonse, koma mnyamatayo ananena zoona. Ndinavala jekete yakuda, ndipo ndinali pamalo amene dalaivala sayang'anapo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimasiya mpata wa mita imodzi pakati pa tayala langa ndi m'mphepete mwa phula. Kumphepeteko n'kumene kumasonkhana mchenga, mabotolo osweka, misomali, ndiponso n'kumene phula limanyenyeka kukhala ngati mano a sowo. Mukakhala chamkati pang'ono, woyendetsa galimoto amakakamizika kukuzungulirani ngati mmene angachitire ndi ngolo, m'malo mokupanikizani. Ena aliza hutala, alekeni alize. Ndipo muziyenda kumanzere, kutsata kumene magalimoto akulowera. Lamulo lija tinaphunzira kusukulu loyenda moyang'anizana ndi magalimoto ndi la oyenda pansi. Panjinga likuphetsani, chifukwa munthu wotuluka m'kanjira amayang'ana kumanja kumene kukuchokera magalimoto, inu n'kumutulukira kumanzere.

Minibasi musamaiwerenge ndi ma indiketa, ambiri sayatsa. Muziwerenga anthu. Mukaona munthu kutsogolo waimika dzanja, kapena kondakitala watulutsa mutu pawindo, kapena mwamva akumenya chitseko, dziwani kuti galimotoyo ikhotera kumanzere pompano, kaya pali siteji kaya palibe. Chepetsani liwiro, ilekeni ilowe, muidutse chakumanja mutacheuka kaye. Musayerekeze kulowa pakati pa minibasi yoima ndi m'mphepete mwa msewu. Chitseko chili mbali yomweyo, mutsikiridwa ndi munthu wonyamula beseni la tomato.

Malole ndiwo ndimawaopa kwambiri, makamaka chakuno ku Kanengo nyengo ya msika wa fodya ikayamba cha mu April. Lole yaitali ikamakhota, mutu umayamba wapita patali ngati ikuwongoka, koma matayala akumbuyo amadula pafupi ndi kona. Amene waima kumanzere kwake, poganiza kuti pali mpata, amapezeka mpatawo watsekeka. Pa maloboti kapena pamphambano, khalani kumbuyo kwa lole, osati pambali pake. Ngati simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake la m'mbali, iyenso sakukuonani.

Pa raundabauti, odutsa poyamba ndi amene akuchokera kumanja kwanu. Mukalowa musazungulire chakunja kwenikweni ngati mukupitirira, chifukwa galimoto yotuluka idzakudulani. Khalani pakati pa mzere wanu, dalaivala wakumbuyo adikire masekondi ochepawo, ndipo mukayandikira potulukira tambasulani dzanja lamanzere. Zikakukulirani, tsikani muikankhe, muwoloke ngati woyenda pansi. Ine miyezi iwiri yoyamba ndinkatero, ndipo mpaka lero pa Area 18, pamene misewu imadutsana pamwamba ndi pansi, ndimachita mantha ndi tinjira tolowera ndi totulukira. Magalimoto amabwera pamenepo ali paliwiro, maso a dalaivala ali kwa magalimoto anzake. Ndimayang'ana dalaivalayo m'maso. Akapanda kundiyang'ana, ndimaima.

Akabaza a njinga zamoto alibe mbali. Akudutsani kumanja, kumanzere, nthawi zina akuchokera kutsogolo mumzere wanu womwe. Mankhwala ake ndi amodzi: musakhote mwadzidzidzi. Mukaona dzenje, cheukani kaye musanalizembe. Kucheuka njinga osapotoka ndi luso lofunika kuliyeserera. Pitani pabwalo la mpira Lamlungu masana, mutsate mzere wowongoka mukuyang'ana kumbuyo paphewa lamanja, mpaka manja asiye kutsatira mutu. Ana adzakusekani, ine anandiseka. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni m'thumba, chifukwa njinga yamoto mumayamba kuimva musanaione.

Za kuwala. M'mwezi wa June dzuwa limalowa isanakwane 5:30 madzulo, kutanthauza kuti aliyense woweruka 5 koloko amafika kunyumba kuli mdima, ndipo magetsi a m'misewu ndi apa ndi apo. Gulani nyali yoyera yakutsogolo ndi yofiira yakumbuyo, zija zotchaja ngati foni, komanso kajekete konyezimira ngati ka akabaza. Mkazi wanga amati ndikavala ndimaoneka ngati wogwira ntchito yokonza msewu. Ndimavomera. Helemeti nayonso valani ndipo mangani lamba wake pachibwano, osangoikhazika pamutu ngati chipewa cha kuukwati.

Nthawi yonyamukira imasintha ulendo wonse. Ndikatuluka 5:45 m'mawa, msewu umakhala wa ine, a makala ndi amayi opita kukapikula kumsika. Ndikachedwa mpaka 7 koloko ndiye nkhondo. Musaumirirenso njira imene minibasi imadutsa. Mkati mwa malokeshoni muli tinjira tafumbi totalikirapo pang'ono koma topanda malole, ndipo akabaza a njinga zakapalasa amatidziwa tonse. Afunseni mwaulemu, akulozerani. Chenjerani kokha ndi ana ndi agalu, belu lizigwira ntchito.

Dzinja lili ndi zake. Madzi akadzaza pamsewu simudziwa ngati pansi pali phula kapena ngalande yosavindikira, choncho osalowa pachithaphwi chimene simukuona pansi pake. Mvula yamkuntho ikayamba, bisalani pakhonde la sitolo, nthawi zambiri siichedwa kudula. Mu October vuto ndi thukuta: botolo la madzi, ndi malaya ena opinda bwino mujumbo. Ndimafika kuntchito mphindi 15 nthawi isanakwane kuti ndipukute m'khwapa ndi kusintha, anzanga asamandithawe.

Chimandiwawa n'choti misewu ya mumzinda muno yakuzidwa, msewu uja tinazolowera kuutchula kuti Kenyatta Drive uli ndi mizere 6 tsopano, koma wapanjinga akadali mlendo. Pamene pasiyidwa kampata kam'mbali, mupezapo galimoto yoimikidwa, wogulitsa chimanga chootcha kapena mulu wa mchenga wa munthu amene akumanga mpanda. Wogulitsayo sindimudandaula, nayenso akusaka ya ndiwo. Koma mukamazemba zinthu zoterezi mumalowa mumsewu, ndiye cheukani, tambasulani dzanja, kenako lowani. Pamene mukudutsana ndi oyenda pansi, inuyo ndiye lole: chepetsani liwiro, lizani belu muli patali, osati mutafika kale pamsana pa agogo.

Poimika napo ndi pamavuto. Malo ogulitsira zinthu ambiri ali ndi bwalo lalikulu la magalimoto koma alibe ngakhale chitsulo chimodzi chomangirirapo njinga. Pezani mzati wokhazikika pamalo poonekera, pafupi ndi mlonda, ndipo tcheni chidutse pafelemu ndi tayala lakumbuyo. Mukamanga tayala lakutsogolo lokha mudzapeza tayalalo likukudikirani, njinga itapita. Nyali ndi pampu chotsani mulowe nazo. Tembenuzani njinga muone pansi pa felemu, pamene pamazungulira mapedulo: njinga zambiri zimakhala ndi nambala pamenepo. Ijambuleni pafoni pamodzi ndi njinga yonse, ndipo lisiti yogulira isungeni, chifukwa kupolisi adzakufunsani umboni woti ndi yanu. Alonda apatseni moni tsiku lililonse, muwadziwe ndi dzina. A kuntchito kwathu amaiika yanga kuseri kwa kanyumba kawo, ndipo mwezi ukatha ndimawagulira shuga paketi imodzi.