Musanapite ku Linga la Himeji, Chenjerani ndi Ogulitsa Matikiti

Mmalawi aliyense amene akukhala ku Japan, kaya anabwera kudzaphunzira kaya kudzagwira ntchito, ayenera kukaona linga la Himeji asanabwerere kumudzi. Mzinda wa Himeji uli m'chigawo cha Hyogo, kumadzulo kwa Kobe. Nsanja yaikulu ya lingali, imene Ikeda Terumasa anamaliza kumanga mu 1609, inapulumuka pamene mabomba anatentha mzindawu mu 1945, ndipo mu 1993 bungwe la UNESCO linaika lingali pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwa padziko lonse. Kafikidwe kake n'kosavuta, pakuti sitima yothamanga ya Shin-kaisoku yochokera ku Osaka imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo mukatulukira kumpoto kwa siteshoni lingalo limaoneka lili mbee kumapeto kwa msewu wa Otemae.

Pamene pagona nkhani, abale anga, ndi pa tikiti. Japan Rail Pass, tikiti yokwerera sitima za kampani ya JR kambirimbiri, imene mu 2023 mtengo wake unafika pa 50,000 yen ya masiku 7, ndi ya alendo okhawo amene mu pasipoti mwawo mwalembedwa kuti Temporary Visitor. Inu amene muli ndi khadi la zairyu, chiphaso cha anthu akunja okhala ku Japan, simuloledwa kuigwiritsa ntchito, ndipo aliyense wokuuzani zosiyana ndi zimenezi akufuna ndalama zanu basi.

Ine amene anandidyera ndi dobadoba wina wodzitcha wokonza maulendo, amene ankalengeza malonda ake m'gulu la WhatsApp la anthu a ku Africa okhala ku Japan. Asanandiuze mtengo anandipempha chithunzi cha pasipoti ndi cha khadi la zairyu, kutanthauza kuti ankadziwa bwino lomwe kuti ndine wokhala m'dzikomo. Komabe analandira ndalama zanga, nawonjezerapo zake za ntchito, n'kunditumizira kapepala kokasinthitsa ndi Japan Rail Pass yeniyeniyo. Wogwira ntchito pa siteshoni anatsegula pasipoti, anaona khadi, ndipo mwaulemu wonse anandibwezera zonse nandiuza kuti lamulo silimulola. Iye sindimuimba mlandu, pakuti anachita zimene anamulembera ntchito.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi zimene zinatsatira. Nditamuimbira dobadoba uja, poyamba anati ndinapita pa zenera lolakwika, ndikayese siteshoni ina. Kenako anati lamulolo langosintha kumene, pamene aliyense akudziwa kuti ndi lakalekale. Pomaliza anati ndalama zidzabwezedwa akachotsapo chindapusa chimene sanachitchulepo pachiyambi, ndipo nditapempha lisiti anasiya kuyankha mauthenga, ngakhale kuti malonda ake anapitiriza kuwalengeza m'gulu lomwelo. Nditachenjeza anzanga mmenemo, ena anandidzudzula kuti ndikuwonongera mnzathu bizinesi. Ulendowo ndinaupitabe, koma pa tikiti yogulanso kachiwiri. Chonde, musapereke ndalama kwa munthu wopanda ofesi, wosapereka lisiti, ngakhale atakutchulani m'bale kangati.

Njira yoongoka ndi kugula tikiti pa makina a pa siteshoni kapena kugwiritsa ntchito khadi la ICOCA, limene mumaikamo ndalama zolipirira sitima. Ngati mukufuna kusunga ndalama, tikiti yotchipa yotchedwa Seishun 18 Kippu amagula aliyense, ngakhale wokhala m'dzikomo, ndipo imagwira pa Shin-kaisoku koma osati pa Shinkansen, sitima yothamanga kuposa zonse. Imagulitsidwa pa nyengo za tchuthi zokha, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2024 masiku ake ayenera kukhala otsatizana komanso simungagawane ndi mnzanu monga kale.

Khadi la zairyu musalisiye kunyumba poganiza kuti mukungopita kukayenda. Lamulo limafuna kuti mukhale nalo nthawi zonse, ndipo chindapusa cha wopezeka alibe chimatha kufika 200,000 yen. Sindimvetsa chifukwa chake anthu akuluakulu amafunikabe kukumbutsidwa zimenezi.

M'nsanja yaikulu simulowa ndi nsapato. Amakupatsani jumbo yoti muzinyamuliremo, ndipo makwerero ake ndi athabwa, oterera ndiponso ochita kuima njo, choncho valani masokosi abwino ndipo chikwama chachikulu chisiyeni m'maloko a pa siteshoni. Pamwamba penipeni mupezapo kachisi wamng'ono ndi mazenera oonera mzinda, koma zipinda zambiri ndi zopanda kanthu, ndipo amene akuyembekezera mipando yagolide akhumudwa. Kukongola kwake kuli m'mizati ikuluikulu, m'zipata zokhotakhota zimene anazikonza kuti zisokoneze adani, ndi m'mabowo a m'makoma oponyerapo mivi ndi zipolopolo. Pewani kumayambiriro kwa Epulo pamene mitengo ya sakura yachita maluwa, komanso Golden Week, tchuthi cha kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, chifukwa mzere umatalika moti tsiku lonse limathera pamenepo. Fikani pa 9 koloko m'mawa, ndipo mtengo wolowera muuone pa tsamba la lingalo, osati kumva kwa amene anapitako zaka zapitazo.

Mukatsika lowani m'munda wa Kokoen umene uli pafupi pomwepo, kenako mukwere basi yopita ku phiri la Shosha, kumene kuli kachisi wa Engyoji amene anakhazikitsidwa mu 966. Kumeneko ndi kumene ine ndimakukondetsetsa, chifukwa kuli nkhalango ndipo anthu ndi ochepa, koma funsani nthawi ya kangolo komaliza koyenda pa chingwe musanakwere, pakuti kakakusiyani mutsika phirilo wapansi mumdima. Amene muli ndi tsiku lachiwiri pitani ku Ako, kwawo kwa asamurai (ankhondo akale a ku Japan) 47 amene anabwezera imfa ya mbuye wawo, ndipo ngati mungathe mufikeko pa 14 Disembala pamene mzindawo umawakumbukira ndi chionetsero cha m'misewu. Chipinda chogona muchipeze nokha pasadakhale, mwachindunji ndi hotelayo.