Chipewa cha brioche: ubweya wa nkhosa ndi mohair pamodzi

Ine ndimagwira ulusi uwiri ngati umodzi: wa ubweya wa nkhosa ndi wa mohair wopyapyala, wochokera ku mbuzi za Angora. Wa nkhosa umalimbitsa chipewa, pomwe mohair amachipatsa kaubweya kofewa kotchinga mphepo.

Tengani singano yozungulira ya masentimita 40, yopyapyala kuposa imene mukanalukira wamba, chifukwa brioche, kalukidwe kokhuthala ka mizeremizere, amatamuka kwambiri. Masitichi oyambira akhale ogawika pawiri, ndipo musawamange zolimba.

Chinsinsi chili apa. Bweretsani ulusi kutsogolo, sunthani sitichi imodzi osailuka, ulusiwo udutse pamwamba pa singano. Sitichiyo imakhala ngati yafunda nsalu paphewa. Yotsatira ilukeni, muzisinthanitsa choncho mzere wonse. Mukaipeza pamzere wotsatira, ilukeni pamodzi ndi chofunda chakecho, ndipo muziwerenga ziwirizo ngati imodzi. Poluka mozungulira, mzere wina mumaziluka chakumaso, wotsatira chakumbuyo. Nthawi zonse onetsetsani kuti singano yakola ulusi wonse uwiri, poti mohair amakonda kutsalira osaoneka.

Kumasula mohair n'kowawa, ubweya wake umakolana. N'chifukwa chake ndimalowetsa kaulusi kosalala m'masitichi onse ndikaluka pang'ono, kuti pakalakwika pakhale pobwerera. Zikakanika, ikani cholukacho mufiriza kwakanthawi, chimamasuka mosavuta.

Pofika pansonga, chepetsani masitichi awiriawiri kuti mizere isasokonekere. Ulusi gulani wochulukirapo, brioche amadya zedi. Mukamaliza, chapani m'madzi ozizira osafinya mopotokola, kenako yanikani chogoneka.