Kulemba ndemanga za ioremap ndi kamasulidwe ka zinthu m'madalaivala a Linux

Function iliyonse ya dalaivala (code yoyendetsa chipangizo mu kernel ya Linux) yomwe imatenga memory ya chipangizo, monga ndi ioremap(), ikhale ndi ndemanga yonena amene adzamasule memory imeneyo, nthawi yake, ndi chomwe chiyenera kuyamba kuimitsidwa. Code payokha siionetsa zimenezi.

Gwiritsani ntchito kernel-doc, kalembedwe ka ndemanga ka mu kernel ya Linux. Ndemanga imayamba ndi /** pamwamba penipeni pa function, kenako dzina lake, mizere ya @ yofotokoza parameter iliyonse, ndi zigawo za Context: ndi Return:.

Pa Return: lembani chomwe chimabwera zikakanika, chifukwa apa mpomwe ambiri amapunthwa. ioremap(), devm_ioremap() ndi pci_iomap() zimabweza NULL, pomwe devm_ioremap_resource() imabweza error pointer yofunika kuiyesa ndi IS_ERR(). Woyesa NULL pa devm_ioremap_resource() amadutsa bwinobwino, kernel n'kudzagwa pa readl() yoyamba. Nenaninso kuti adiresi yobwezedwayo ndi ya __iomem, yofikiridwa ndi readl() ndi writel(), osati ngati pointer wamba. Sparse, pulogalamu yofufuza zolakwika mu code ya kernel, imagwira olakwitsa zimenezi mukayendetsa make C=1.

Kusungitsa dera la memory ya chipangizo ndi kulipanga map ndi ntchito ziwiri, ndipo ndemanga izisiyanitse. request_mem_region() imalembetsa deralo kuti lioneke mu /proc/iomem. ioremap() ndiyo imapanga map n'kupereka adiresi. Pomasula muyambe iounmap(), release_mem_region() ibwere pambuyo. devm_ioremap_resource() imachita zonse ziwiri, devm_ioremap() sisungitsa dera ayi. Dera loiwalika limaonekera tsiku lina: probe (kulumikiza dalaivala ndi chipangizo) yachiwiri imakanidwa ndi -EBUSY.

Pofunika mawu ambiri ndi pa devm_. Zinthu za devres, zotengedwa ndi ma function oyamba ndi devm_, zimamasulidwa ndi kernel probe() ikakanika, kapena remove() itatha kale, kuyambira chomwe chinatengedwa pomaliza. Kungolemba kuti "zimamasulidwa zokha" n'kosakwanira. Tiyerekeze kuti interrupt inatengedwa ndi devm_request_irq(), koma buffer ya DMA mukuimasula nokha ndi dma_free_coherent() mkati mwa remove(). Pakati pamenepa handler, function yoyankha interrupt, ikadali ndi moyo, ndipo interrupt ikabwera igwira memory yobwezedwa kale. Vutoli silioneka kawirikawiri, n'chifukwa chake limasautsa kulipeza. Choncho paliponse pomwe devm_ yasakanizidwa ndi kumasula pamanja, lembani ndondomeko yonse pamwamba pa remove(): imitsani chipangizo, chotsani interrupt, kenako buffer. Kapena ikani kumasulako mu devm_add_action_or_reset() kuti kulowe pamzere umodzi ndi zinzake. Chenjezaninso kuti iounmap() isaitanidwe pa adiresi yochokera ku devm_, kuopa kuimasula kawiri.

Ngati dalaivala ali ndi mmap yogwiritsa remap_pfn_range(), dziwani kuti pulogalamu imapitiriza kuona masamba a memory (pages) omwe inapatsidwa ngakhale chipangizo chitachotsedwa. Ndemanga inene ngati dalaivala amawachotsa ndi unmap_mapping_range() kapena ayi.

Pa Context: lembani kuti ioremap() imatha kugona, motero siiitanidwa mu interrupt kapena mutagwira spinlock.

Musanatumize patch, yesani zomwe mwalembazo. scripts/kernel-doc -none pa fayiloyo imasonyeza ma parameter osafotokozedwa. Kenako yatsani CONFIG_DEBUG_DEVRES, ikani devres.log=1 pa boot, lembani dzina la chipangizo mu fayilo ya unbind ya dalaivala wanu pansi pa /sys/bus/platform/drivers/, n'kufananiza ndondomeko ya mu dmesg ndi ya m'ndemanga yanu. Onani /proc/iomem kuti deralo lachokadi, kenako chitaninso bind.